Chibadwa si tchimo, ndiponso si pobisalira



Okondedwa achinyamata anzathu ndi akhristu nonse a m'parishi yathu ya Madisi, sabata ino tabwera ndi dandaulo, ndipo sitibisa kuti mwa odandaulidwawo ife amene tikulemba tilimo.

M'sabata imodzi yomweyo tinamva ziweruzo ziwiri. Choyamba chinagwa pa chisankho cha atsogoleri a achinyamata mu mphakati wina. Panatchulidwa dzina la mtsikana amene kwa zaka zitatu wakhala akusesa m'tchalitchi, kusunga kaundula wa zopereka osasowetsa ngakhale tambala, ndi kukagonera odwala kuchipatala. Dzina lake litangomveka, wina anati, "Ameneyo ngwodzimva, salankhula ndi anthu." Manja amene anayamba kukwera anatsika. Chiweruzo chachiwiri chinagwa pabwalo la mpira. Mnyamata wina anaomba mbama mtsikana amene anamutomera, anthu akuona, chifukwa choti anachedwa kuyankha foni. Anzake anamukoka, kenaka n'kutembenukira mtsikanayo amvekere, "Iwenso ukumudziwa, ali ndi mtima wapachala. Ndi mmene anabadwira."

Taonani mmene tazondotsera zinthu. Wosalakwa tamuimba mlandu chifukwa cha chibadwa chake, wolakwa tamumasula ponamizira chibadwa chake. Matenda amenewa ali m'makwaya mwathu, m'miphakati, m'zitomero ndi m'mabanja, ndipo nthawi yakwana yoti tiwatchule dzina.

Dothi ndi ulimi

Makolo athu anatisiyira mawu awiri amene sitiyenera kuwasakaniza: chibadwa ndi khalidwe. Aliyense amene anagwirapo khasu angawamvetse popanda mphunzitsi. Munda wa katondo wa kumtunda ndi wina, dimba la kudambo ndi lina, nthaka ya mchenga ndi inanso. Palibe mlimi wanzeru amene amakwiyira munda wa katondo poti sumeretsa mpunga. Amaphunzira nthaka yake n'kubzala choyenera. Komanso palibe mlimi amene timamumvera chisoni akalekerera nsongole ndi chisoso m'munda n'kumati, "Ndi mmene dothi langa liliri." Timamuuza poyera kuti ndi mlesi. Chibadwa ndi dothi, tinalilandira osafunsidwa. Khalidwe ndi ulimi, ndipo za ulimi amayankha ndi mwini munda.

Kuti dothi limasiyana, asayansi anatsimikiza. M'chaka cha 1956 madokotala awiri a ku New York, Alexander Thomas ndi Stella Chess, anayamba kutsatira ana oposa 130 kuchokera ali makanda mpaka atakula. Anapeza kuti kusiyana kumaoneka mwana asanayambe n'kulankhula komwe. Ana pafupifupi 40 pa 100 alionse anali osavuta: kudya ndi kugona pa nthawi yake, kusekerera mlendo. Ana 10 pa 100 anali olira msanga ndi ovuta kutonthoza. Ana 15 pa 100 anali ozolowera pang'onopang'ono: akaona nkhope yachilendo amayamba abisala, kenaka n'kumasuka. Otsalawo anali ndi zosakanikirana. Agogo athu atamva izi angaseke, pakuti mayi aliyense wa ana asanu amadziwa kuti msana umodzi unabereka anthu asanu osiyana. Koma chimene madokotalawa anatsindika n'chofunika kwa ife: mwana sakula bwino kapena moipa chifukwa cha chibadwa chokha, koma chifukwa cha mmene omulera alandirira chibadwacho.

Kuchokeranso pa ntchito ya Carl Jung wa ku Switzerland, amene analemba za mitundu ya anthu mu 1921, akatswiri amasiyanitsa anthu amene amatsitsimuka ali pagulu ndi amene amatsitsimuka ali paokha. Wina akachoka ku chinkhoswe amakhala ngati wamwa thobwa, wina amafika kunyumba ali wefuwefu ngati walima ndime. Ambiri a ife tili pakatikati. Palibe mwa awiriwa amene wachimwa.

Mlandu woyamba: kuweruza munthu chifukwa cha dothi lake

Tili ndi mayina okonzeratu. Mnyamata wachete timati ngwozizira. Mkamwini wosakonda kucheza pabwalo timati ngwonyada, amatiyesa osauka. Mtsikana wolankhula momasuka pamsonkhano timati ngwolongolola, sadzakhalitsa pabanja. Ndipo onani chinyengo chathu: kufatsa timakuyamikira pokhapokha pamene kukutipindulitsa. Mtsikana wofatsa timamufuna akhale mtengwa poganiza kuti sadzatiyankha, koma yemweyo tikafuna mtsogoleri timati alibe mawu.

Katswiri wa maganizo a anthu, Lee Ross, m'chaka cha 1977 anaupatsa dzina msampha umene tonse timakodwamo. Tikaona mnzathu wachita kanthu, timathamangira kunena kuti ndi mmene mtima wake uliri, n'kuiwala kufunsa zimene zamugwera. Mnzathu akatidutsa pamsika wa Madisi osatipatsa moni, timati ngwamwano. Sitidziwa kuti akuchokera kuchipatala cha mishoni kumene agonekedwa mayi ake, kapena kuti fodya wa bambo ake wabwezedwa ku okushoni ndipo fizi palibe. Koma ife tikadutsa munthu osamulonjera, chifukwa sichisowa: tinali ndi maganizo. Anyani amasekana zikundu.

Dzina likamatidwa silikhala pakhungu, limalowa. Charles Horton Cooley anafotokoza kale mu 1902 kuti munthu amadzidziwa monga amadzionera pagalasi, ndipo galasi lakelo ndi maso a anzake. Mwana wa ku Tilitonse amene wanjenjemera powerenga Mawu a Mulungu, ife n'kuseka, waphunzira phunziro limene katekisiti sanakonze: kuti m'nyumba ya Mulungu malo ake ndi kumbuyo. Chaka chamawa sadzakweza dzanja. Pakapita zaka zisanu sitidzamuonanso, ndipo tidzakhala pamsonkhano n'kumadandaula kuti achinyamata a masiku ano sakonda za Mpingo. Tinamupirikitsa tokha, ndi phwete.

Mpingo wathu uyenera kukhala womaliza kugwa m'cholakwa chimenechi. Thomas Aquinas Woyera ali pasukulu, anzake ankamutcha ng'ombe yosalankhula chifukwa anali wa thupi lalikulu ndi wachete. Mphunzitsi wake, Albert Wamkulu, anaona zimene anzakewo sanaone. Thomas anamwalira mu 1274, ndipo mpaka lero ofuna unsembe amaphunzira zolemba zake, pamene mayina a omusekawo palibe akuwakumbukira. Nanga Yosefe Woyera? M'mabuku onse anayi a Mthenga Wabwino mulibe liwu ndi limodzi lomwe lochokera pakamwa pake. Koma ndi iye amene anadzuka usiku, n'kuthawitsa mwana ndi amake kupita ku Ejipito. Akanakhala wa mu mphakati wathu, bwenzi tikuti bambo amenewa ngodzimva, ndipo pa chisankho bwenzi tawalumpha. Paja akulu anati ng'oma yoliritsa sichedwa kung'ambika, koma ife posankha atsogoleri timayesa ng'oma ndi phokoso lake lokha.

Tisayese kuti mayina amenewa ndi nthabwala chabe. M'midzi mwathu nkhalamba yokhala yokha, yosakonda zolankhula, sichedwa kunong'onedwa kuti ili ndi zake. Kumene kunong'ona kotere kumathera tonse tikukudziwa. Mu Januwale 2016 ku Neno, anthu okalamba anayi anaphedwa ndi khamu powanamizira ufiti, mtsikana wina atafa ndi mphenzi. Lamulo la 1911 lokhudza za ufiti limaletsa kutchula munthu kuti ndi mfiti, koma lamulo limafika pamene lilime lafika kale. Khamu lisanatole mwala, pamakhala anthu amene anayamba kalekale kumata dzina, ndipo ena mwa iwo amakhala atavala kolona m'khosi.

Mlandu wachiwiri: kubisala m'chibadwa

Tsopano titembenuze chikho. Mawu akuti "ndi mmene ndiliri" asanduka linga lothawiramo. Wochedwa ku Misa sabata ndi sabata, wobwereka osabweza, wotukwana akalawa, wa zibwenzi zitatu nthawi imodzi, onse alowa m'linga limeneli n'kutseka chipata. Masiku ano lingali lapakidwa penti yatsopano. Pa Facebook ndi pa WhatsApp tikutumizirana za nyenyezi ya mwezi umene munthu anabadwa, ndi timafunso toyankha m'mphindi ziwiri tomuuza munthu mtundu wake. Katekisimu wa Mpingo wa Katolika, pa ndime 2116, amakana zoombeza ndi nyenyezizi. Kuipa kwake n'kwakuti zimamupatsa munthu chikalata chomumasula ku ntchito yodzikonza. Bodza la kale lomwe lija langovala malaya atsopano.

Kodi n'zoona kuti munthu sasintha? M'chaka cha 2006 Brent Roberts ndi anzake anasonkhanitsa zotsatira za kafukufuku wa magulu 92 a anthu amene anatsatiridwa kwa zaka. Anapeza kuti anthu ambiri amanka nakhala odalirika ndi okhazikika mtima akamakula, makamaka pakati pa zaka 20 ndi 40. Zaka zimenezi ndi zathu, achinyamata. M'mera mpoyamba. Amene akunena lero kuti sangasinthe akunena zimenezi pa nyengo yeniyeni imene kusintha kuli kosavuta.

Chikhulupiriro chathu chimanena zoposa pamenepa. Thomas Aquinas yemwe uja anaphunzitsa kuti chaulere cha Mulungu chikalowa mwa munthu sichifafaniza chibadwa chake, koma chimachikonza ndi kuchikwaniritsa. Petro anali waphuma: kulonjeza msanga, kusolola lupanga msanga, kukana msanga. Ambuye sanamusandutse Yohane. Phuma lomwelo linasanduka kulimba mtima kwa tsiku la Pentekoste. Francis de Sales Woyera, episkopi wa ku Geneva amene anamwalira mu 1622, amadziwika ngati woyera wa kufatsa, koma olemba mbiri yake amati anabadwa ndi mtima wapachala ndipo analimbana nawo zaka zambiri. Moto wake sanauzimitse. Anauika pakati pa mafuwa n'kumaphikira anthu. Moto wa m'mafuwa ndi moto wolusa m'tchire ndi umodzi, kusiyana kwake ndi mwini wake.

Apa tiyenera kulankhula mosapsatira, chifukwa pali magazi. Kafukufuku wa boma wa zaumoyo wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti amayi 42 pa 100 alionse amene anakwatiwapo m'Malawi muno anachitiridwapo nkhanza ndi amuna awo: kumenyedwa, kugwiriridwa kapena kuzunzidwa m'maganizo. Kodi amuna onsewo anabadwa choncho? Tiyeni timuyese mnyamata wa pabwalo la mpira uja. Akuti sangathe kuugwira mtima. Nanga bwanji amaugwira wapolisi akamuimika pamsewu wa M1? Bwanji amaugwira pamaso pa bwana amene amamulipira, kapena pamaso pa abambo mfumu? Mtima wapachala umene umayamba wayeza msinkhu wa munthu usanamumenye si chibadwa ayi. Ndi chisankho, ndipo chisankho chotere dzina lake ndi tchimo.

Kwa alangizi ndi ankhoswe athu, amene timawalemekeza, tikupempha modzichepetsa: mawu akuti "banja ndi kupirira" muziwamaliza. Kupirira mwamuna wosalankhulalankhula, kapena mkazi wokonda alendo, ndi chikondi. Kuuza mwana wa eni kuti apirire zibakera ndi kuikira kumbuyo tchimo. Dziko lathu lili ndi lamulo la 2006 loletsa nkhanza za m'banja. Malamulo a Mpingo, pa nambala 1153, amalola munthu kuchoka pamene mnzake wa m'banja akuika moyo wake kapena wa ana pachiswe. Papa Francis, m'kalata yake ya Amoris Laetitia ya 2016, anavomereza kuti pali nthawi zina pamene kupatukana kumakhala kofunika pofuna kuteteza wofooka ndi ana. Tisaphunzitse kupirira kumene Mpingo womwe sunatilamule.

Ng'ombe ziwiri, goli limodzi

Amene anakwerapo ngolo yobwera ndi chimanga pa Madisi kapena pa Mponela amadziwa kuti ng'ombe ziwiri za pagoli sizikhala ndi mtima umodzi. Ina imafulumira, ina imadekha. Woyendetsa wanzeru sataya nthawi kufuna kuti zifanane, amaziphunzitsa kuponda pamodzi. Koma ng'ombe yogunda inzake ndi nyanga, imeneyo ndi nkhani ina.

John Gottman wa pa yunivesite ya Washington ku America anatha zaka zambiri akuona mmene anthu apabanja amakanganirana. Anapeza kuti mikangano 69 pa 100 ilionse ndi yosatha, chifukwa imachokera pa kusiyana kwa chibadwa ndi zokonda: wina wosunga ndalama, wina wopatsa, wina wofuna kukambirana pompopompo, wina wofuna kuyamba wagona nayo nkhani. Mabanja olimba si amene alibe mikangano yotere, koma amene aphunzira kukhala nayo mwaulemu. Chimene anapeza kuti chimalosera kutha kwa banja koposa zonse ndi chipongwe: kunyogodola, kutsonya, kumuona mnzako ngati wachabe. Si kusiyana kumene kumapha banja, koma kunyozana chifukwa cha kusiyanako.

Ngakhale oyera anasiyana. Marita ndi Maria anali a bere limodzi, wina wa kumphika, wina wa kumvetsera, ndipo Yohane akutiuza kuti Yesu ankawakonda onse. Paulo ndi Barnabasi, m'mutu 15 wa Ntchito za Atumwi, anakangana kolimba chifukwa cha Marko, mnyamata amene anawathawa pa ulendo woyamba. Paulo, munthu wa changu, sanafune kumutenganso. Barnabasi, munthu wolimbikitsa, anafuna kumupatsa mwayi wina. Anapatukana, koma palibe amene anamutcha mnzake mdani wa Mulungu, ndipo m'kalata yachiwiri kwa Timoteo tikupeza Paulo akuitanitsa Marko yemweyo poti ngwothandiza pa utumiki.

Choncho inu amene muli pa chitomero, funso lakuti "kodi tikufanana?" si lalikulu. Funsani awa: akakwiya amachita chiyani? Anapepesapo? Pa nkhani ya ndalama amanena zoona? Alongo ake, ndi mayi wogulitsa tomato pamsika, amawalankhula bwanji? Musakwatire munthu wachete poyembekeza kuti mudzamusandutsa woseketsa anthu, chifukwa mudzamuzunza pachabe. Musakwatiwenso ndi womenya poyembekeza kuti mphete idzamufewetsa, chifukwa mphete si mankhwala. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Kodi izi si zachilendo?

Ena anena kuti tikubweretsa nzeru za kunja, zakuti aliyense akhale mmene afunira, pamene umunthu wathu umati kali kokha n'kanyama, ali awiri ndi anthu. Mwambiwu tikuuvomereza ndi manja awiri. Moni ndi ngongole ya aliyense, wachete ndi wolankhula yemwe. Kupita kumaliro, kuzonda wodwala, kusonkha ku mphakati, zonsezi ndi khalidwe, ndipo palibe chibadwa chimene chimamasula munthu kwa izo. Wachete amene sapereka moni n'kumati ndi mmene aliri, nayenso wathawira m'linga lija. Koma umunthu sunanenepo kuti onse pamaliro akhale olalika. Alipo okumba manda, alipo otunga madzi, alipo ongokhala duu pambali pa wofedwa usiku wonse, ndipo wofedwayo nthawi zambiri amakumbukira womalizayu. Paulo anafanizira Mpingo ndi thupi la ziwalo zambiri. Ife tikufuna thupi la pakamwa pokhapokha.

Tiwonjezere chenjezo limodzi. Kusiyanitsa chibadwa ndi khalidwe kumafuna kumudziwa munthu, ndipo amene amamudziwa mnzake amazindikira akasintha. Wochezeka amene mwadzidzidzi wasiya kwaya, sakudya, sakugona, akudzitsekera m'nyumba, ameneyo tisamunene kuti wayamba kunyada, ndiponso tisati ndi mmene aliri. Mwina akudwala matenda a nkhawa. Tikhale naye pansi, timuperekeze kuchipatala. A St John of God ku Lilongwe ndi ku Mzuzu amathandiza anthu otere, ndipo kupita kumeneko si manyazi.

Tichitenji tsono?

Tibwerere kumene tinayambira. Pa chisankho chija ife tinalipo, ndipo manja athu anatsika nawo. Pabwalo la mpira paja tinalipo, ndipo sitinatsegule pakamwa. Tinali chete pamene panafunika mawu, ife amene timanyoza achete. Kwa mtsikana wa kaundula uja tili ndi ngongole ya kupepesa, ndipo dzina lake tidzalitchulanso. Kwa mnyamata uja tili ndi ngongole ya choonadi: kuti amene anamuuza "ndi mmene unabadwira" sanamukonde, ndipo njira ya ku kulapa ndi yotsegula. Kwa mtsikana woombedwa mbama uja tili ndi ngongole ya kumuuza kuti sanalakwe, ndipo chitomero si ndende.

Pokumana m'miphakati sabata ino, tisinkhesinkhe mafunso atatu awa. Ndani m'gulu mwathu amene tinamumata dzina tisanamufunse nkhani yake? Ndi tchimo liti limene ife eni takhala tikulitcha chibadwa? Ndi mphatso iti mwa mnzathu wa m'nyumba imene takhala tikuiyesa chilema chifukwa chosafanana ndi yathu?

Tipemphere. Atate athu, Inu munatiumba osiyana ndipo simunalakwitse. Tipatseni maso olemekeza chibadwa cha anzathu, ndi mphamvu yopalira m'munda wa mtima wathu. Amayi Maria ndi Yosefe Woyera, mutipempherere. Amen.

Mulungu akudalitseni nonse, tikumane sabata yamawa.